Kodi mawu a Joe Cocker anachokera m'botolo ndi m'ndudu?

Funso: "Akulu, ndine mnyamata wa zaka 24, ndimaimba ndi bandi ina kuno ku Lilongwe, m'mabala ndi pamaukwati. Malume anga anandisiyira makaseti a Joe Cocker, ndipo chimvereni mawu a mkulu ameneyu sindifunanso kuimba mwanjira ina. Anzanga a m'bandi akuti mawu okhakhala ngati amenewo sabwera ndi madzi akumwa, amafuna ndudu ndi kakachasu pang'ono usanakwere pasiteji, ati mwiniwakeyo ndi mmene anawapezera. Ndayesera kwa miyezi ingapo. Mawu akukhakhaladi, koma tsopano ndikaimba Lachisanu ndi Loweruka ndimasasa mawu mpaka Lachitatu, ndipo manoti am'mwamba sindikuwafikanso. Kodi munthuyu anali ndani kwenikweni, ndipo n'zoona kuti mawu ake anawapeza choncho? Nanga ineyo ndaonongeka kale?"

Yankho:

Achimwene, mtima pansi. Zomwe mwafotokozazi ndazimva kwa oimba ambiri pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa kuimba, a m'makwaya ndi a m'mabandi omwe, ndipo ambiri mwa iwo mawu anabwerera atangosintha zochita. Munthu wa msinkhu wanu amene wavutitsa kholingo kwa miyezi ingapo kawirikawiri amakhala atangotupa, asanaonongeke. Komabe kusasa kofika mpaka Lachitatu si kwabwino, ndipo ndifikako. Ndiyambe ndi munthu wanuyo, poti anzanuwo akukuuzani mbali imodzi yokha ya nkhani yake, mbali yomwe inatsala pang'ono kumumaliza.

Dzina lake lenileni anali John Robert Cocker. Anabadwa pa 20 May 1944 ku Sheffield, mzinda wa mafakitale a zitsulo ku England. Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba kuphunzira ntchito yolumikiza mapaipi a gasi, ndiye masana amakhala pantchito, usiku n'kumaimba m'mabala a mumzindamo pa dzina loti Vance Arnold. Mu 1963 bandi yake inatsegulira shoo ya Rolling Stones ku Sheffield City Hall. Chaka chotsatira kampani ya Decca inamujambulira nyimbo yake yoyamba, yomwe inali ya Beatles, koma sinagulidwe, kampaniyo n'kumusiya. Anabwerera m'mabala omwe aja. Mu 1966 iye ndi mnzake Chris Stainton anayambitsa Grease Band, n'kupitiriza kuimbira anthu oledzera kwa zaka zina ziwiri dziko lisakumudziwa.

Nyimbo yomwe inamutchukitsa, With a Little Help from My Friends, inafika pa nambala 1 ku Britain mu November 1968. Werengani bwino: anali ndi zaka 24, ngati inuyo. Koma pofika pamenepo n'kuti ataimba kale zaka zambirimbiri, usiku ndi usiku, m'malo aphokoso momwe woimba amaphunzira zinthu ziwiri, kugwira makutu a anthu omwe sanabwerere iye, ndi kusunga mawu kuti mawa adzaimbenso. Zimenezi anzanuwo sakuzitchula.

Chinanso chomwe sakutchula ndi Ray Charles. Cocker sankabisa kuti mphunzitsi wake wamkulu anali woimba wakhungu wa ku America ameneyu, ngakhale ankangomumvera pa zimbale. Ray Charles ndi mmodzi mwa anthu omwe anatenga kaimbidwe ka m'matchalitchi a anthu akuda a ku America, kuja kofuula, kobuula, kotsogolera wina ena n'kumayankha, n'kukaika m'nyimbo za chikondi ndi za mavuto a moyo. Akuluakulu ena a mpingo anakwiya nazo, koma mmenemo ndi momwe munabadwira nyimbo za soul m'zaka za m'ma 1950. Mnyamata wa ku Sheffield uja anamvetsera zimbalezo mpaka kuzilowetsa m'magazi. Ndipo chomwe anatengako si kukhakhala kokha ayi. Anatengako kachedwetsedwe ka mawu, kuja koti ng'oma yagunda kale koma woimba akubwera pambuyo pang'ono ngati akukayika, kenako n'kugwera pa liwu limodzi ndi mphamvu zonse. Anatengako kupuma pakati pa chiganizo pomwe wina aliyense akanapitiriza. Inu amene munakulira m'dziko la makwaya, komwe mayi mmodzi amadula nyimbo ena onse n'kupolokozana naye, zimenezi muli nazo kale m'makutu kuposa mmene Cocker anali nazo poyamba. Iye anachita kuzifunafuna kutsidya kwa nyanja.

Tengani nyimbo ya 1968 ija muimvetsere ndi khutu la woimba, osati la wokonda chabe. Eni ake, a Beatles, anaitulutsa mu 1967, woimba anali Ringo Starr, ndipo inali kanyimbo kopepuka, koyenda mwachangu, kosangalatsa. Cocker ndi Denny Cordell, yemwe ankamujambula, anaiphwasula yonse. Anaichedwetsa, anasintha kagundidwe kake kuti kaziyenda patatupatatu, anaika ogani yoyamba pang'onopang'ono ngati m'tchalitchi, gitala anaimba Jimmy Page yemwe pambuyo pake anatchuka ndi Led Zeppelin, ndipo mafunso a m'nyimboyo anawapereka kwa amayi oyankhira, iye n'kumawayankha. Tsopano tcherani khutu pa ndime yoyamba. Sakukuwa. Akuimba motsitsa, pafupifupi ngati akulankhula ndi munthu mmodzi. Mphamvu zikukwera pang'onopang'ono, ndipo mfuu yotchuka ija ikubwera nyimbo itapita kale patali, pamalo pake, kamodzi. Paul McCartney mwini, wa Beatles yemwe analemba nawo nyimboyo, Cocker atamwalira, ananena kuti anaisandutsa nyimbo ya soul ndipo ankamuthokoza chifukwa cha zimenezo. Kachasu sangakuuzeni pomwe mfuu iyenera kugwera. Ameneyo ndi munthu woti wakhala pansi n'kuganiza.

Anyamata ambiri omwe amabwera kwa ine atakopeka ndi mawu ngati amenewa amalakwitsa pamenepa. Amatenga mfuu ija, yomwe m'nyimbo yonse imatenga masekondi ochepa, n'kuipaka pa nyimbo yonse kuyambira liwu loyamba, kenako pa nyimbo 30 za usiku wonse. Mwiniwakeyo sankatero.

Mu August 1969 anaimba ku Woodstock, chikondwerero chachikulu cha nyimbo chomwe chinachitikira m'chigawo cha New York, ndipo kanema wake ndi amene anamuonetsa ku dziko lonse: tsitsi lili nyankhalala, thukuta lili kamukamu, zala zikukanda gitala yomwe palibe, thupi likupindika ngati wagwidwa ndi mizimu. Anthu ambiri ankaganiza kuti waledzera kapena akudwala. Iye ankafotokoza kuti poti pasiteji analibe chida choimbira m'manja, nyimbo inkangomutulukira m'mikono. Zimenezo musatengere. Zinali zake, ndipo wina akazichita zimangoseketsa, monga anachitira wanthabwala John Belushi pa wailesi ya kanema ku America.

Pomwe panadzavuta ndi mu 1970. Grease Band inali itatha, iye atatopa akufuna kupuma, koma anapeza kuti omuyendetsera zinthu akonza kale ulendo woimba m'mizinda ya America ndipo kukana kukanamuika m'mavuto. Woimba piyano Leon Russell anasonkhanitsa gulu m'masiku ochepa, oimba oposa 20, kuwonjezera apo abwenzi, ana ndi galu, n'kulitcha Mad Dogs and Englishmen. Anazungulira mizinda 48 m'miyezi iwiri yosakwana. Chimbale chomwe chinatuluka pa ulendowo chinagulidwa kwambiri, kanema wakenso anatchuka, ndipo ngati simunachimvere chimvereni, ndi chimodzi mwa zimbale zabwino zojambulidwa pashoo. Koma mwini dzina anatsika pa ulendowo atafooka thupi ndi maganizo, m'thumba muli mbee, poti ndalama zinathera kudyetsa ndi kunyamula chinamtindi chija. Apa ndi pomwe mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zinamugwira zenizeni. Anabwerera kwa makolo ake ku Sheffield n'kukhala nthawi yaitali osaimba. Mu 1972 apolisi anamugwira ndi chamba ku Adelaide, ku Australia, ndipo boma la kumeneko linamulamula kuti atuluke m'dziko. Zaka zambiri za m'ma 1970 zinapita choncho: kuiwala mawu a nyimbo pasiteji, kulephera kumaliza mashoo ena, ngongole.

Ndiye onani mmene zinthu zinatsatirana. Mawu aja anali nawo kale mu 1968. Uchidakwa woopsa unabwera pambuyo, ndipo chomwe unabweretsa ndi zaka zotayika. Sindikunamizani kuti utsi sunakhudze mawu ake. Ankasuta ndi kumwa kuyambira ali mnyamata, ndipo fodya amatupitsadi kholingo n'kulemeretsa mawu. Koma m'mabala a ku Sheffield munali amuna zikwizikwi osuta ndi kumwa kuposa iye, ndipo simunatuluke ma Cocker zikwizikwi. Ena a iwo anangotuluka ndi chifuwa.

Ngakhale m'zaka zovutazo, nyimbo yomwe inamusunga ndi yofatsa kwambiri pa zonse, You Are So Beautiful, ya 1974, yolemba Billy Preston ndi Bruce Fisher, yomwe inafika pa nambala 5 ku America. Ndi piyano ndi mawu basi, ndi zingwe pang'ono. Kumapeto kwake akukwera pa noti yam'mwamba motsitsa kwambiri, mawu n'kuthyoka, n'kutsala kampweya chabe, ndipo ojambula anakusiya kuthyokako mmene kunalili. Anthu akhala akulira ndi malo amenewo kwa zaka 50. Ine ndimawauza ana asukulu anga kuti amvetsere pamenepo kawiri: koyamba kuti amve kukoma kwake, kachiwiri kuti amve mtengo wake, chifukwa mukumvanso kholingo lomwe latopa.

Anadzuka mu 1982. Chaka chimenecho anatulutsa chimbale cha Sheffield Steel, chojambulidwa ku Nassau, ku Bahamas, pamodzi ndi Sly Dunbar ndi Robbie Shakespeare, akatswiri a ng'oma ndi besi a ku Jamaica omwe okonda reggae kuno akuwadziwa bwino. Chaka chomwecho anaimba Up Where We Belong ndi Jennifer Warnes, nyimbo ya m'filimu, yomwe inafika pa nambala 1 ku America n'kuwapezetsa mphoto ya Grammy. Mu 1987 anakwatira Pam Baker, mayi yemwe iye mwini ankati anamuthandiza kukhazikika, ndipo pambuyo pake anamanga nyumba kumudzi wina wotchedwa Crawford, ku Colorado. Mu 1987 momwemo anajambula Unchain My Heart, nyimbo yomwe Ray Charles anatchuka nayo. Mu June 1988 anali mmodzi mwa oimba pa shoo ya ku Wembley, ku London, yokumbukira zaka 70 za Nelson Mandela, Mandelayo adakali m'ndende. Ku Germany ankamukonda modabwitsa, moti bwalo lomwe anaimbapo ku Dresden mu 1988 anthu amalitchulabe dzina lake. Fodya anasiya chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mowanso anadzausiya, ndipo anaimba mosadukiza mpaka chimbale chake chomaliza, Fire It Up, cha 2012. Zaka zake zokhazikika pantchito, zolemekezeka, zokhala ndi ndalama, ndi zomwe anali atachepetsa kapena kusiyiratu zomwe anzanu akukupatsanizo. Anamwalira pa 22 December 2014 ali ndi zaka 70. Chinamupha ndi khansa ya m'mapapo.

Tsopano tibwere pakhosi panu. M'kati mwa kholingo, kuseri kwa kafupa kotukuka kaja pakhosi pa mwamuna, muli timinofu tiwiri tating'ono, kutalika kwake sikufika n'komwe pa kachigawo kamodzi ka chala. Mpweya wochokera m'mapapo ukamadutsa timagundana n'kumatseguka, kwa mwamuna polankhula kopitirira ka 100 pa sekondi imodzi, ndipo mukakwera manoti kuchuluka kwake kumawirikiza. Pamwamba pake pali kakhungu kofewa, konyowa, komwe kayenera kugwedera momasuka kuti mawu amveke oyera. Mukaimba mokakamiza kwa maola anayi, kakhunguko kamatupa. Kakatupa kamalemera, ndipo manoti oyamba kuthawa ndi am'mwamba, makamaka oimba motsitsa. N'chimene chikukuchitikirani. Mukapitiriza osapuma, zimakhala ngati mmene khasu limachitira m'manja: poyamba matuza, kenako pamalo pogundanapo pamauma n'kukhala kachotupa kolimba mbali zonse ziwiri. Tikadali tofewa timatha ndi kupuma ndi kusintha kaimbidwe. Tikalimba, nthawi zina mpaka opaleshoni.

Ndudu ndi kachasu zimalowa bwanji pamenepa? Utsi wotentha umadutsa pa timinofu timeneti mwachindunji, umaumitsa ndi kutupitsa. Mowa umachotsa madzi m'thupi, umabweretsa chilungulira chomwe asidi wake amakwera usiku n'kupsereza kholingo, ndipo choipa kwambiri kwa woimba n'chakuti umachititsa dzanzi. Ululu womwe ukanakuuzani kuti apa ndapyola muyeso simuumva, ndiye mumakankha kwambiri, n'kudzazindikira m'mawa. Kukhakhala komwe mukukumvako, komwe anzanu akuti ndi phindu, ndi kutupa. Ndipo fodya ndi mowa zikaphatikizana zimakweza kwambiri chiopsezo cha khansa ya kholingo ndi ya kummero kuposa chilichonse pachokha. Chamba nachonso ndi utsi, musachiyese chosiyana.

Pali kukhakhala kwa mitundu iwiri, ndipo kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Kwina woimba amakuyatsa ndi kukuzimitsa pomwe wafunira. Kwina kumakhalapo ngakhale akuyankha foni. Koyambako ndi luso, kachiwiriko ndi bala. Dziyeseni motere m'mawa uliwonse: imbani kanyimbo kalikonse kodziwika m'mwamba, motsitsa kwambiri ngati mukugoneka khanda. Ngati mawu akutuluka oyera osachedwa, muli bwino. Ngati kukuyamba kutuluka mpweya wokha, kapena mawu akudukaduka, kapena mukuchita kukankha kuti amveke, mwatupa, ndipo tsiku limenelo si loimba mwamphamvu.

Kukhakhala kwa luso kuja kumaphunziridwa. Pamwamba pa timinofu ta mawu pali tina tokhuthalako tomwe pa kaimbidwe wamba sitigwira ntchito. Woimba wodziwa amatiyandikizitsa pang'ono kuti tizinjenjemera pamwamba pa noti yoyera yomwe ikutuluka pansi pake. Ndiye kuti noti yoyera iyenera kukhalapo kaye. Ndikamaphunzitsa ndimayamba ndi kubuula kwa munthu wotopa amene wangokhala pansi atachoka kumunda, kotsitsa, kopanda mphamvu, kenako kuika noti pansi pa kubuulako, kwa mphindi zochepa zokha patsiku. Lamulo lake ndi limodzi: kukayabwa, kukawawa, kapena kukakutsokomoletsani, mwalakwitsa malo, siyani. Ndipo zimenezi sizimveka mokweza monga mukuganizira. Kukweza ndi ntchito ya maikolofoni. Koma musayambe kuyesera zimenezi panopa muli otupa. Ngati mungapeze mphunzitsi woti azikumverani, ndi bwino kwambiri kuposa kutsatira makanema a pa YouTube muli nokha, chifukwa khutu lanu limakunamizani pa mawu anu omwe.

Chochita sabata ino ndi ichi. Ndudu ndi kachasu zija zisiyeni, osati kuchepetsa. Ngati n'kotheka pemphani anzanu kuti Lachisanu ndi Loweruka likubwerali aimbe wina, kapena mugawane nyimbo kuti inu mutenge zochepa ndi zofewa. Ndikudziwa kuti shoo ndiye ndiwo za pakhomo, koma kuphonya mashoo awiri n'kotchipa kuposa kukhala chete miyezi itatu. Masiku opumawo lankhulani pang'ono ndi mawu anu enieni, motsitsa. Musanong'one, kunong'ona kumaumitsa ndi kukakamiza kholingo. Chizolowezi chokhosomola pofuna kuchotsa makhololo chisiyeninso, m'malo mwake mezani mate kapena imwani madzi pang'ono. Madzi muzimwa tsiku lonse, osati pokhapokha mukamakwera pasiteji, poti madzi omwe mwamwa sadutsa pa timinofu tija, amayamba azungulira m'thupi. Chomwe chimafikapo mwachindunji ndi nthunzi: madzi otentha m'beseni, nsalu kumutu, mphindi khumi, opanda kuthiramo mafuta onunkhira aliwonse. Uchi ndi mandimu n'zokoma ndipo zimafewetsa kummero, koma sizichiza kutupa kwa m'kholingo. Maswiti a pakhosi oziziritsa aja amangobisa ululu. Nsima ya pakati pa usiku mukachoka ku shoo, yodya n'kugona pomwepo, ndiyo imadzutsa chilungulira, choncho idyani musanapite kapena dikirani maola awiri kapena atatu musanagone.

Chenjezo lapadera: m'mabandi mumayenda nzeru yogula mapiritsi a prednisolone kapena kubayitsa jakisoni wotsitsa kutupa kuti mawu atseguke pa tsiku la shoo. Amatsegukadi, ndipo n'chifukwa chake ali oopsa. Mumaimba mwamphamvu pa kholingo lovulala osamva kanthu. Mankhwala amenewo ndi olemba dokotala atakuonani, osati ogula pakona.

Mukabwerera pasiteji, zambiri zomwe zidzakupulumutseni si za m'kholingo n'komwe. Woimba wa m'bala amasasa mawu kwambiri chifukwa chosadzimva. Woimba kiyibodi wakweza, wa gitala naye wakweza, sipika yoyang'ana kwa inu palibe kapena inafa kalekale, ndiye mumakuwa kuti mudzimve. Kanganani nawo za sipika imeneyo, ndi ufulu wanu. Tsitsani makiyi a nyimbo zomwe zikukuvutani, palibe manyazi pamenepo, oimba akuluakulu amachita zimenezo akamakula. Sanjani nyimbo kuti zolemera zisatsatizane. Musanayambe tenthetsani mawu kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, mong'ung'udza kapena kunjenjemeretsa milomo, kapena kuimbira m'kapaipi komwera zakumwa, mukukwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Ndipo pa nthawi yopuma thawani pagulu. Ndaona oimba ambiri akuimba bwinobwino maola awiri, kenako n'kukathera mawu pakauntala, akukuwirana nkhani ndi anzawo pamwamba pa nyimbo za DJ. M'miyezi ya fumbi ndi ya chiperoni chenjerani koposa.

Pali phunziro lina pa moyo wa Cocker lomwe simunafunse koma likukukhudzani, poti nanunso mumaimba nyimbo za eni. Iye analembako nyimbo zingapo ndi Chris Stainton, koma pafupifupi zonse zomwe anatchuka nazo analemba ndi ena: Lennon ndi McCartney, Billy Preston, Randy Newman, Leon Russell. Ena amanyoza woimba wotere, ine ayi. Kutenga nyimbo yodziwika n'kuipanga kuti anthu aiwale mwini wake ndi luso losowa. Koma ndalama zimayenda mosiyana. Nyimbo ikamaulutsidwa kapena kuimbidwanso ndi ena, gawo la wolemba limapita kwa wolemba, chaka ndi chaka, ngakhale atagona. Woimba chabe amadalira kwambiri kukwera pasiteji, ndiye kuti chuma chake chonse chili pa timinofu tiwiri tija. N'chifukwa chake ulendo wa 1970 unamupweteka chomwecho: anagwira ntchito yakalavulagaga, dzina linali lake, koma sankadziwa mmene ndalama zikuyendera. Inu yambani kulemba zanu ngakhale zikhale ziwiri, mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina m'Malawi, ndipo musakwere galimoto ya shoo iliyonse musanamve kuti malipiro ndi angati, alipira ndani, ndipo mafuta ndi chakudya zichoka pa gawo la yani.

Komanso kumbukirani kuti Cocker sanatchuke chifukwa chofanana ndi Ray Charles. Akanangomukopera ndendende akanathera m'mabala a ku Sheffield ngati katswiri woyerekezera. Anatenga njira ya mkuluyo n'kuidutsitsa m'kholingo lake, m'kalankhulidwe ka kwawo, m'magitala a rock a nthawi yake. Mwina mawu anu achibadwa ndi oyera, opyapyala, okwera. Ngati ndi choncho musalimbane nawo. Soul ili ndi Sam Cooke ndi Al Green, amene mawu awo ndi osalala, ndipo amalasa mtima chimodzimodzi. Tengani nyimbo ya Chichewa yomwe aliyense amaidziwa, ichedwetseni, isintheni kagundidwe, apatseni oyankhira mizere ina, musunge mphamvu zanu mpaka pomwe nyimbo ikuzifuna. Mukatero mwaphunzira kwa Cocker kuposa amene akusuta kuti amveke ngati iye.

Za kuchipatala. Mukapuma, kusiya fodya ndi mowa, koma mawu osayera pakatha masabata atatu, pitani. Yambirani ku chipatala chapafupi, mufotokoze kuti ndinu woimba ndipo mawu ndiye ntchito yanu, mupemphe kalata yokaonana ndi madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi. Kwanu kuno ali ku Kamuzu Central, ku Blantyre ali ku Queen Elizabeth. Iwo amatha kuyang'ana timinofu tija ndi kagalasi kapena kakamera, chinthu chomwe ine kapena mphunzitsi wina aliyense sangachite ndi khutu. Musadikire masabata atatuwo ngati mawu athima mwadzidzidzi muli pakati poimba, chifukwa kawirikawiri ndiye kuti kamtsempha ka magazi kaphulika pa kamnofu ka mawu, ndipo pamenepo mumasiya kuimba nthawi yomweyo, osamaliza n'komwe nyimboyo. Zoterezi zinamuchitikira Adele, woimba wotchuka wa ku England, mu 2011 mpaka anachitidwa opaleshoni. Musadikirenso ngati mukulavula magazi, mukumva kuwawa pomeza, mwatuluka chotupa m'khosi, kapena mukubanika popuma. Ndipo kuno kwathu kusasa mawu kophatikizana ndi chifuwa cha masabata awiri, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda kumafunika kuyezetsa TB, poti matendawa amafikanso pa kholingo, ndipo mankhwala ake alipo aulere m'zipatala za boma.

Chomaliza ndi kachasu kaja. Mwati ndi pang'ono, ndipo ndikukhulupirirani. Koma mukaona kuti mukuopa kukwera pasiteji musanamwe, kapena mwayesa kusiya n'kulephera, vutolo lachoka pakhosi. Mukakhala kuchipatalako litchuleni limenelonso, kapena uzani munthu wamkulu yemwe mumamukhulupirira, asakhale wa m'bandi mwanumo.